Njala ndi Nkhuli

Mau olankhulidwa kwa akristu ndi aphunzitsi a kalasi m'masiku a chikondwerero cha misyoni.



Masiku ano tawapatula kuti akhale a kukumbukira, ndipo n'koyenera kutero. Takumbutsana za Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, amene anafika ku Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere, m'chaka cha 1889. Ndi za Nkhoma, kumene nchito inayamba m'chaka cha 1896, anthu a mfumu Mazengera ali chikhalire m'phiri chifukwa cha kuopa nkhondo za Angoni. Ndi za Buku Lopatulika, limene William Murray ndi anzache, azungu ndi eni dziko, analisandutsa m'chinenero chathu kufikira linaturuka lathunthu m'chaka cha 1922. Koma kukumbukira kuli ndi ngozi yache, pakuti mtima wa munthu susunga zakale zonse. Usankha zimene ufuna, nukwirira zotsala. Chifukwa chache ndifuna tione pamodzi za anthu amene anakumbukira moipa, nafera pomwepo. Nkhani yao iri m'buku la Numeri, mutu 11, ndipo sitingaimvetse bwino tikapanda kuiika pambali pa inzache ya m'buku la Eksodo, mutu 16.

Chinenero chathu chitithandiza pa nkhani iyi, pakuti makolo athu anatisiyira mau awiri amene mwana ali yense awasiyanitsa asanayambe sukulu: njala ndi nkhuli. Njala ndi ya m'mimba. Nkhuli ndi ya pakhosi. Mwana wa njala safunsa kuti ndiwo n'zanji, alandira mbale ndi manja awiri. Mwana wa nkhuli akankha mbale ya nkhwani wotendera, popeza wamva pfungo la nyama yokazinga kwa anansi. Onse awiri alira, ndipo wopita m'njira sangadziwe kusiyana kwa kulira kwao. Koma mai wao adziwa. Aisrayeli analirira nyama kawiri m'chipululu, ndi mau ofanana ndithu, ndipo Mulungu anawayankha mosiyana, chifukwa koyamba inali njala, kachiwiri inali nkhuli.

Koyamba, unali utangopita mwezi umodzi chichokere ku Aigupto. Anafika ku chipululu cha Sini, pakati pa Elimu ndi Sinai, kamba amene ananyamula atatha. Anadandaulira Mose ndi Aroni, nakumbukira miphika ya nyama ya ku Aigupto, nanena mau owawa, akuti kufa ali okhuta m'ukapolo kukadaposa kufa ndi njala ali mfulu. Mau amenewo sanali okoma, ndipo anali ndi kusakhulupirira m'kati mwache. Koma werengani mutu wonsewo kufikira kumapeto: simudzapezamo munthu ndi mmodzi yemwe amene anafa chifukwa cha kudandaulako. Madzulo kunadza zinziri, m'mawa kunagwa mana. Mulungu anawapatsa chakudya pamodzi ndi lamulo la katoledwe kache: munthu ali yense atole muyeso umodzi wotchedwa omeri, wa tsiku lomwelo, asasungeko za mawa, koma tsiku lachisanu ndi chimodzi atole miyeso iwiri chifukwa cha Sabata. Ena sanamvere, nasunga, ndipo m'mawa anapeza mphutsi ndi kununkha. Chilango chao chinathera pamenepo.

Ndiima pano pang'ono chifukwa cha inu aphunzitsi a kalasi. Dziko lino liidziwa njala. Agogo anaiona ya 1949. Ambiri mwa ife tinaiona ndi maso ya 2002, pamene anthu a m'midzi ya chigawo chino chapakati anadya gaga ndi zitsa za nthochi, ndi ena anamenyedwa koopsa chifukwa cha kuthyola chimanga chachiwisi m'munda wa mwini. Ndipo lero lomwe, pakati pa akristu a ku Mgona ndi ku Chinsapo, alipo amene alawira m'mamawa kukafuna ganyu ku Kanengo kapena ku msika, osadziwa ngati madzulo mbaula idzayaka. Munthu wotere akadandaula pamaso panu, musafulumire kumtsegulira Numeri 11. Mutu wache ndi Eksodo 16, ndipo mutu umenewo uyamba ndi chakudya. Chiphunzitso chidza pambuyo. Mlaliki amene adzudzula wanjala monga ngati ndi wankhuli amnamizira Mulungu, pakuti Mulungu sanatero.

Tsono tidze ku kulira kwachiwiri. Chapita chaka chathunthu. Anthu aja aima pa phiri la Sinai, alandira malamulo, amanga chihema chokomanako, ndipo m'chaka chonsecho sanagone ndi njala usiku ndi umodzi womwe. Mana analikugwa usiku pamodzi ndi mame. Akazi analikuwapera pa mphero kapena kuwasinja mu mtondo, nawaphika mu mphika, naumba timikate tokoma ngati tophika ndi mafuta. Analinso ndi nkhosa ndi ng'ombe zimene anaturuka nazo ku Aigupto. Ananyamuka pa Sinai tsiku la 20 la mwezi wachiwiri, chaka chachiwiri, ndipo atangoyenda masiku owerengeka kulira kunabuka m'chigono. Panalibe mdani, panalibe chilala, mana anali atagwa m'mawa momwemo monga masiku onse. Anafuna nyama.

Buku litiuza kuti chilakolakocho chinayamba ndi khamu la anthu osokonezeka, a mitundu ina, amene anatsagana ndi Aisrayeli poturuka. Pamenepa alaliki ena akonda kukhalitsa, nati zoipa zonse zidza ndi obwera. Ine ndiyesa kuti ife a mu Lilongwe tiribe malo oimapo ponena mau otere. M'chaka cha 1966 mzinda uno unali ndi anthu osafika 20,000. Unasanduka likuru la dziko m'chaka cha 1975. Ndipo pa kalembera wa 2018 anawerenga anthu pafupifupi 990,000. Nanga obwera ndani? Tonse tinabwera: wina ku Dowa, wina ku Ntcheu, wina ku Mzimba, wina ku Mulanje. Khamu losokonezeka ndife amene. Ndiponso taonani, alendo aja anangoyambitsa nyimbo; amene anaibvomereza ndi misozi, banja ndi banja, anali ana a Abrahamu, odulidwa, amene anamva mau a Mulungu pa phiri. Moto wa mnansi sutentha nyumba yako ngati pa denga lako palibe udzu wouma.

Tsopano mverani chimene anakumbukira. Anatchula nsomba za ku Aigupto, ndi nkhaka, ndi mabvwende, ndi anyezi, ndi adyo, chimodzi chimodzi, monga munthu wowerenga mbumba yache. Ndipo za nsombazo ananena kuti anazidya kwaulere. Kwaulere! Abale, nsomba zimenezo zinachokera m'mtsinje uti? Si mtsinje womwewo umene Farao analamulira kuti aponyemo ana ao amuna? Amai ena amene analikulirira nsomba pakhomo pa hema anali ndi alongo ao amene anamira m'madzi omwewo ali makanda. Sanatchule njerwa, sanatchule udzu umene anaufunafuna m'dziko lonse pamene akapitao analeka kuwapatsa, sanatchule chikoti. Koma zipsera za chikoticho zinali chikhalire pa misana yao pamene analikulankhula. Sananame pa zimene anatchula. Nsomba zinalipodi, anyezi analipodi. Bodza lao linali m'zimene anasiya. Ndipo umu ndimo chilakolako cha thupi chigwirira nchito yache nthawi zonse: chiyamba chakonza chikumbumtima cha munthu, kuchotsamo mtengo wa chinthu ndi kusiyamo kukoma kwache kokha.

Tizidziwa izi m'mabanja mwathu. Zaka zambiri amuna a dziko lino anapita ku migodi ya ku Joni ndi Wenela, ena ku Halale, ochuruka kotero kuti m'chaka cha 1912 Vlok yemwe uja anawatsata ku Salisbury kukawatumikira. Ambiri anapita chifukwa cha msonkho ndi umphawi, ndipo sitiwaweruza, monganso sitiweruza ana athu amene akwera basi ya ku Johannesburg lero. Koma kumbukirani m'mene obwerako ena analikusimbira pa bwalo madzulo: za nyama ya ku komponi, za njinga, za jekete ndi chipewa. Sanasimbe kawirikawiri za mdima wa pansi pa nthaka, kapena za chifuwa cha pfumbi la mgodi chimene chinawatsata kufikira kumanda, kapena za matchona amene akazi ao anakalamba ali kuyang'ana ku njira. Anyamata anamva za nyama ndi jekete, nanyamuka. Mwina mau athunthu anamveka m'dziko lonse m'chaka cha 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, nifa nao amuna a kuno oposa 70 amene analikubwerera kwao.

Koma Aigupto woopsa koposa ali pafupi kuposa Joni. Ali yense wa ife amene anabatizidwa ali wamkuru, kapena anabwezedwa atagwa, ali naye Aigupto wache. Bambo amene analeka kachasu zaka zitatu zapitazo, pakutha pa mwezi, malipiro ali m'thumba, apita pafupi ndi pamene analikumwera kale, namva kuseka kwa anzache. Ndipo mtima umkumbutsa kuseka kokhako. Sumkumbutsa nkhope yotupa ya mkazi wache, kapena tsiku lija mwini nyumba anaturutsa katundu wao panja mvula iri kugwa, kapena mwana wache amene anabwezedwa ku sukulu. Chomwecho ndinena kwa inu aphunzitsi, pamene muphunzitsa otembenuka mtima, musawauze kuti aiwale zakale. Auzeni akumbuke zonse, ndi mtengo wache womwe. Amene akumbuka theka ndiye abwerera.

Ngakhale chikondwerero chathu chino chingathe kugwa m'mbuna yomweyo. N'kosabvuta kunena kuti kale mpingo unali woyera, ana anali omvera, zinthu zinali zotsika mtengo, ndi kuti masiku ano zonse zaonongeka. Amene atero aiwala kuti kuyambira pa Mvera panapita zaka 36 mwana wa dziko lino asanadzozedwe ubusa m'misyoni ino, kufikira Andreya Namkumba ndi Namon Katengeza m'chaka cha 1925. Aiwala ana amene anafa ndi nthomba ndi malungo. Aiwala zaka zimene munthu sanaloledwe kulowa mu msika wopanda khadi la chipani. Tiyamike makolo athu a m'chikhulupiriro ndi mtima wonse, koma tisasandutse masiku ao miphika ya nyama yoti tiziilirira ndi kunyoza nayo mana a lero.

Pakuti kunyoza mana ndiko kunali pakati peni peni pa chimo lao. Ananena kuti moyo wao wauma, ndi kuti maso ao saona kanthu kena koma mana okha okha. Chozizwitsa chimene chaka chapitacho anachitola ndi kudabwa, nafunsana kuti n'chiani, tsopano chinawakola, osati chifukwa chinasintha kukoma, koma chifukwa sichinalephere kubwera. Zokhulupirika ndizo zimene munthu afulumira kutopa nazo. Mwamuna sanyoza mkazi wa mwini amene amuona kamodzi pa sabata atabvala za ku ukwati. Anyoza wache, amene amuona tsiku ndi tsiku ali ndi phulusa la mbaula m'manja, amene wamphikira zaka 15 osaphonya. Ndipo pali chinthu china m'mana chimene thupi lidana nacho: sasungika. Wodya mana agona usiku nkhokwe iri mbee, nayenera kukhulupirira kuti m'mawa adzagwanso. Ambiri a inu mugula ufa wa m'timapepala tija mumatitcha walkman, ndi kamulu ka makala, ndi kamulu ka bonya, za tsiku limodzi basi. Sindinena kuti umphawi ndi wokoma; suli wokoma, ndipo n'koyenera kugwira nchito ndi kupempha kuti uchoke. Koma ndinena kuti inu mudziwa moyo wa omeri imodzi kuposa ophunzira onse amene analemba mabuku za iwo, ndipo mudziwanso liu lija limene linong'oneza usiku, lakuti kudikira m'mawa uli wonse n'kopusa, pali njira yachidule.

Mose anamva anthu ali kulira m'mabanja mwao, ali yense pakhomo pa hema wache. Mau awa asatipitirire. Sanalire pa msonkhano, analira pakhomo, pamene ana akhala. Nyumba zathu za m'makomboni ziri monga mahema aja, khoma kugundana ndi khoma, ndipo chonenedwa pakhonde chimveka nyumba zitatu. Mwana amene madzulo ali onse amva atate wache ali kuyerekeza nyumba yao ndi ya mpanda wa njerwa ya kutsidya, ndi amai ache ali kuwerenga zitenje za mnansi, aphunzira katekisimu wina amene inu a kalasi simungamfafanize ndi ola limodzi la pa sabata. Aphunzira kuti chimene Mulungu wapatsa banja lao n'chochititsa manyazi. Ndipo akakula adzafuna njira yochotsera manyaziwo, ngakhale ikhale ya galimoto la bambo wa msinkhu wa atate wache limene liima pa mdima kuseri kwa golosale.

Tsono Mulungu anawapatsa nyama. Analonjeza kuti sadzaidya tsiku limodzi kapena masiku 10, koma mwezi wathunthu, kufikira idzawanyansa. Mose yemwe anakayika, nawerenga amuna 600,000, nafunsa ngati zoweta zonse zikadakwanira. Ndipo kunaomba mphepo yochokera kunyanja, nidza nazo zinziri. Mbalame zimenezi ziuluka m'magulu akuru kuoloka nyanja pakati pa Ulaya ndi Afrika pa nyengo yache, ndipo zikafika pamtunda zitatopa munthu angathe kuzigwira ndi manja. Zinagwa kuzungulira chigono, ulendo wa tsiku limodzi mbali iyi ndi ulendo wa tsiku limodzi mbali inayo. Anthu anatola usana wonse, ndi usiku wonse, ndi usana wa mawa lache, osagona. Ndipo amene anatola zochepa koposa onse anatola mahomeri 10.

Tiwerenge pang'ono, pakuti chiphunzitso chiri m'chiwerengerocho. Homeri imodzi ndi maomeri 100. Mahomeri 10 ndi maomeri 1,000. Munthu amene Mulungu anamuyesera omeri imodzi pa tsiku anadzikundikira muyeso wa masiku 1,000, ndiko kunena pafupifupi zaka zitatu. Ndipo ameneyo ndiye anali waulesi pakati pao. Ophunzira ayesa kuti homeri inali ngati malita 200 kapena kupitirirapo. Tsono ganizani ndowa za malita 20 zoposa 100, zodzaza mbalame zakufa, pakhomo pa hema mmodzi, m'dzuwa la chipululu. Anaziyanika kuzungulira chigono monga ayanikira usipa kunyanja. Kodi ameneyo ndi munthu wofuna ndiwo? Iai, ndi munthu wofuna kuti asadzadikirenso Mulungu m'mawa. Nyama ikali m'kamwa mwao mliri unawagwera, ndipo anaika akufa ao pomwepo, natcha malowo Kibroti Hatava, ndiko kunena manda a chilakolako. Ife tikadati manda a nkhuli.

Mzinda uno unaona kutola kotere m'chaka cha 2013, pamene kunaululika kubedwa kwa ndalama za boma ku Capital Hill, nkhani imene inatchuka ndi dzina lakuti Cashgate. Anthu ena anapezeka ndi mitolo ya ndalama m'magalimoto ndi m'nyumba zao, zoti sakadatha kuzidya, pamene m'zipatala odwala analikusowa mankhwala. Otolawo sanali a ganyu a ku Mgona. Anali olandira malipiro mwezi ndi mwezi, odya katatu pa tsiku. Koma tisaloze chala ku phiri lokhalo, pakuti zinziri zigwanso m'makwalala athu, zazing'ono monga mwa msinkhu wathu. Mnyamata alandira za ganyu, nazitaya pa kubetcha mpira pa foni, chifukwa mnzache wina anapambana kamodzi. Mai atenga katapila kuti abvale chitenje chofanana ndi anzache pa chinkhoswe, nabweza ndi chiongoladzanja chimene chidya ufa wa mwezi wonse. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti m'chaka cha 2015, ataona ana a sukulu ali kuubisa m'matumba a malaya. Koma lamulo lichotsa kapepala kokha, ludzu silichotsa, ndipo mowa womwewo unabwerera m'timabotolo. Akuru anati, ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Chimene chindiopsa koposa m'mutu umenewu ndi ichi, chakuti chilango chinadza chobvala ngati yankho la pemphero. Usiku uja wa kutola, mukadapita m'chigono, mukadamva anthu ali kuchitira umboni kuti Mulungu wawatsegulira makomo. Wolemba Salmo 106 anachiona ichi, nanena kuti analandira chimene anapempha, ndipo pamodzi nacho kuonda kwa moyo. M'mzinda muno achuruka olalikira amene aphunzitsa kuti chizindikiro cha chiyanjano cha Mulungu ndi galimoto ndi nyumba ya mpanda, ndi kuti wosauka asauka chifukwa chikhulupiriro chache n'chochepa. Akristu athu ena apita kumeneko usiku, nabwera kuno m'mawa wa Sabata. Musawalalatire, afunseni awerenge nanu Numeri 11, ndipo anene okha kuti wodalitsika anali uti tsiku lija, wa ndowa 100 kapena amene anatola mana ache nakagona.

Pakati pa kulira ndi zinziri pali chinthu chimene tisachilumphe, pakuti chikhudza atsogoleri. Mose anatopa. Anafunsa Mulungu ngati ndiye anabala anthu onsewa kuti awayangate pa chifuwa monga mlezi, napempha kuti kuli bwino afe. Munthu wofatsa uja anafika pamenepo, osati chifukwa cha Farao, koma chifukwa cha nkhuli ya anthu ache. Ndipo Mulungu sanamdzudzule; anamuuza asonkhanitse akuru 70, nawagawira mzimu umene unali pa iye, kuti asenze katunduyo pamodzi. Awiri a iwo, Elidadi ndi Medadi, sanafike ku chihema, koma mzimu unawapeza m'chigono momwemo, pakati pa mahema a olirawo. Ndipo pamene Yoswa anafuna kuwaletsa, Mose anakana. Inu aphunzitsi a kalasi, akuru a madera ndi amai oyendera odwala, malo anu ndi amenewo. Mbusa mmodzi wa mpingo wa m'tauni sangadziwe makomo onse. Inu ndinu amene mutunga madzi pa mpopi umodzi ndi akristu anu, mukwera nao minibasi imodzi, mumva kulira kwa kuseri kwa khoma. Ndinu amene mungathe kudziwa, monga mai uja, ngati ndi njala kapena nkhuli.

Kusiyanitsaku kufunika koposa pa milandu ya mpingo. Mai wamasiye wa ana anai apezeka ali kutcheza kachasu kuseri kwa nyumba. Lamulo la mpingo wathu pa za mowa tilidziwa, ndipo sindinena kuti lichotsedwe, pakuti kachasu wapha amuna ambiri. Koma amene anamfikitsa pa mphika umenewo ndi njala. Ndipo tikangomuimika pa Mgonero, osafunsana kuti angagulitse chiani m'malo mwache ndi kuti mpamba uchokera kuti, tamchotsera Aigupto osampatsa mana. Kapena mtsikana wa sukulu atenga pakati pa bambo wa banja amene anamlipirira fizi. Chimo ndi limodzi, koma awiriwo analowamo pa makomo osiyana: mtsikana pa khomo la njala, bambo pa khomo la nkhuli. Kawirikawiri bwalo lathu ligwira wa njala, popeza mimba yache ioneka, ndipo wa nkhuli akhala pa mpando wache wa kutsogolo, chopereka chache chiri chachikuru. Ku Kibroti Hatava sikunatero. Amene anaikidwa m'manda anali osusukawo.

Mtumwi Paulo, polembera Akorinto kalata yoyamba, mutu 10, anatenga nkhani zomwezi. Akorinto anali anthu a mumzinda wa malonda, osokonezeka mitundu monga ife. Anawakumbutsa kuti onse aja anaoloka nyanja, onse anadya chakudya chauzimu, koma ambiri anatsala m'chipululu. Kunena kwache, ubatizo ndi Mgonero si mankhwala otsirika nao thupi kuti chilakolako chisalowe. Anatchulanso za ku Peori, kumene anthu anagwa ndi akazi a ku Moabu ali pafupi kuoloka Yordano, ulendo utatsala pang'ono kutha. Akuru a imvi amve pamenepa. Koma anatsiriza ndi chitonthozo, chakuti Mulungu salola munthu kuyesedwa kopitirira mphamvu yache, ndi kuti pa chiyeso chiri chonse aikapo potulukira. Ndiyesa kuti tilakwa tikamaganiza kuti potulukirapo ndi chinthu chobisika cha mu mtima mokha. Nthawi zambiri ndi njira yeni yeni, ya pfumbi. Bambo uja wa malipiro atsike pa siteji yina, ngakhale ya kutali, kuti asadutse pa khomo lija. Apereke ndalama ya lendi ndi ya ufa m'manja mwa mkazi wache tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe. Mnyamata wa kubetcha auze mnzache wa m'kwaya, nampatse foni pa masiku a mpira. Mai wa katapila apite ku chinkhoswe ndi chitenje chache chakale chochapa bwino. Izi zioneka zazing'ono, ndipo wonyada azipeputsa, nati iye alimbana ndi Satana maso ndi maso. Koma Yosefe m'nyumba ya Potifara sanatsutsane ndi mkazi uja nthawi yaitali, anasiya malaya nathawa ndi miyendo.

Atachoka pa manda aja anayenda kumka ku Hazeroti. Ndipo mana sanaleke. Anthu amene anawanyoza, otsalawo, anadzuka m'mawa nawapeza pa mame monga kale, nawatola, omeri imodzi munthu mmodzi. Ndipo Aisrayeli anadya mana zaka 40, kufikira anaoloka Yordano nadya tirigu wa m'dziko la Kanani ku Giligala. Chifukwa chache mkristu amene wagwa, nadya zinziri zache kufikira zamnyansa, akabwera kwa inu ndi manyazi, musamuuze kuti chakudya chache chinatha. Mlembeni m'kalasi la obwerera, mumuyendere pakati pa sabata, ndipo tsiku limene adzabwezedwa ku Mgonero mukhale naye pa mpando umodzi.